Injini ya Yotamu Inkatsokomola ku Balaka

1.

Inatsokomola. Inalira pang'ono, inatsokomolanso, inazima.

Anthu amene anaunjikana pakhomo pa galaja anaseka. Mng'ono wanga Yotamu sanaseke nawo. Anatsamira pikapu yake yakale, manja ali bii ndi girisi, chifuwa chikukwera ndi kutsika ngati cha munthu amene wathamanga, chonsecho sanasunthe pamene anaimapo.

Madala, injini iyi ikufa ndi njala, anatero Gibo, mwini maminibasi, munthu wokonda mipikisano ya liwiro. Ndibwerekeni sipanala ndiionjezere petulo. Ikutsokomola kuposa inuyo.

Anthu anasekanso.

Ili bwino, anatero Yotamu. Musaikhudze.

2.

Mpingo uli ndi dongosolo lake.

Ine ndine Elifazi Ngozo. Pakati pa akulu a mpingo wathu kuno ku Balaka, ndine mmodzi mwa amene anakweza dzanja tsiku limene tinaika Yotamu pa chilango. Mlandu wake sunafune mboni. Kwa zaka zambiri iye ankamanga mainjini a anyamata amene amathamangitsa magalimoto Lamulungu pa msewu wowongoka wa kunja kwa tauni, ndipo pamene ife tinali kupembedza, iye anali m'mbali mwa msewuwo atatchera khutu, akumvetsera ntchito ya manja ake ikudutsa. Tinamuchenjeza. Tinamuchenjezanso. Dzanja langa ndinalikweza mosazengereza, pakuti lamulo limene limapindika likakumana ndi mbale wako silingawongolenso mlendo.

Munthu akamwalira ali pa chilango, izi sizichitika pa maliro ake:

kwaya siyimba
amayi a mpingo savala zoyera zawo
abusa salalikira
nyimbo simveka panyumba, panjira, ngakhale kumanda

Pamakhala pemphero lalifupi. Kenaka makasu.

Yotamu ankadwala mapapo, ndipo aliyense wa maso ankaona kuti nthawi yafupika. Choncho ntchito yanga inali imodzi yokha: kumubwezera mumpingo asanapite.

3.

Injini ndi chifuwa basi, achimwene, ankatero Yotamu. Imakoka mpweya, imawotcha, imatulutsa. Ikakoka wambiri, mphamvu zimachuluka. Anzanga masiku ano amamangirirapo tabo, kachipangizo kokankhira mpweya mkati mokakamiza, ngati mayi amene wagwira mwana mphuno kuti ameze phala. Ine ayi. Ine ndimangoitsegulira njira. Ipume yokha.

Kutsegula njirako kunali kotere. Ankachotsa mutu wa injini, n'kuugoneka pa benchi, n'kulowetsa kamwala kozungulira m'mabowo amene mpweya umadutsamo. Ankapala pang'ono, n'kupisamo chala, maso atatsinzina, kufufuza pamene patsala kakhwinya. Ankapalanso. Kenaka ankaika pakamwa pake pa bowolo n'kuuzira, khutu lili tcheru, chifukwa ankati mpweya ukapunthwa penapake umadandaula, ndipo iye ankaumva. Kansalu ka pamphuno ankakakana. Ankati munthu sangauzire atamangidwa pakamwa.

Fumbi lachitsulo linali pa nsidze zake, m'ndevu, m'kapu ya tiyi. Lina linalowa kumene sitinkaliona.

Ndinamuuza kuti thupi ndi chobwereka, ndipo mwini wake adzafunsa mmene tinalisungira. Anandiyankha kuti ndimugwirire tochi.

4.

Ukukumbukira, Yotamu, sungaiwale, tsiku limene tinanyamula thupi la amayi kuchokera kuchigwa kuno kupita kwathu ku Tsangano pa lole ya petulo imene tinabwereka, mvula ikugwa chiyambire m'mawa, ndipo titasiya tala n'kuyamba chikweza cha Chibonga loleyo inayamba kulemera, woyendetsa anaika giya yachiwiri, anaika yoyamba, utsi wakuda unatuluka kumbuyo, amayi a mpingo amene ankayimba anatsitsa mawu chifukwa makutu awo anali pa injini, kenaka inazima pakati penipeni pa chikweza ndipo tinathamanga kukaika miyala kumatayala, iwe unali usanakwatire, unali utangoyamba kumene kugwira sipanala, unatsegula boneti mvula ikukumenya pamsana, unachotsa pulagi imodzi n'kundionetsa, yakuda ngati khala, unati yamira m'petulo wake womwe achimwene, kuno kumapiri mpweya ndi wopepuka koma iyo ikumwabe ngati ili kuchigwa, ine ndinati nzeru zimenezo sizitifikitsa kumanda, ndipo tinatsitsa bokosi n'kulisenza pamapewa, matope mpaka m'mawondo, nsapato zikutsalira m'mbuyo, ndipo pa mwala woterera uja phazi la mmodzi wa ife linachoka ndipo bokosi la amayi linagunda pansi, linagunda pansi anthu onse akuona, ndipo palibe amene ananena kanthu kufikira kumudzi, ngakhale pambuyo pake

Amene anaterereka unali iwe. Sitinazitchulenso.

5.

Alamu, mwabweranso ndi jekete? Kutentha konseku? Khalani pa mpando uwo, winawo uli ndi oyilo.

Uyu ndi Nagama, mkazi wa Yotamu, amene sanandiopepo chikwatiwire.

Mukufuna ndiwauze chiyani ine? anatero. Ndawauza kuti adye, sakudya. Ndawauza kuti agoneko masana, akuti mapisitoni sanalingane kulemera. Dzulo anakabwereka sikelo ku golosale. Akuika imodzi, akupala pang'ono, akuikanso, ngati akugulitsa golide. Ine ndinalowa ukwati wa mpingo, alamu, koma mitala ndinaipeza m'galajamo. Mkazi mnzanga ndiye amapukutidwa ndi kansalu.

Mlamu, ndinatero, nkhani yanga si yanthabwala. Mng'ono wangayu akamwalira lero ali pa chilango, maliro ake...

Nagama anaika pansi mbale imene ankatsuka.

Musatchule zimenezo pakhomo pano. Sukulu yonse ija sanakuuzeni? Munthu ali moyo satchulidwira maliro. Ngakhale mwini wake satchula. Kumeneko n'kuitana.

Mwambo umenewo suli m'mabuku a mpingo, koma inenso ndinakulira momwemo, ndipo lilime langa linaumvera ndisanaliuze.

6.

Kuchipatala Yotamu anamuika kapaipi m'mphuno, kochokera ku botolo la mpweya. Anagona nako kufikira milomo yake inabwerera mtundu. Kenaka anakachotsa, anakapinda mosamala monga ankapindira mawaya, anakapereka kwa namwino.

Mwandiika tabo, anatero. Zikomo. Ndili ndi ntchito kunyumba.

Namwino anayang'ana ine, ngati kuti ine ndinali ndi ulamuliro pa munthu ameneyu.

Ndinanyamula chikwama chake. Tinatuluka. Kuchokera pa bedi kufika pachipata anapumula kangapo, atagwira khoma, ndipo nthawi iliyonse ankanamizira kuti akuwerenga zolembedwa pakhomapo.

7.

Gibo ankalengeza tauni yonse kuti injiniyo ndi yake. Ankati ikatha kuyesedwa aichotsa mu pikapu, aiike m'galimoto yake yofiira, akadyetse fumbi anyamata a ku Lilongwe. Yotamu ankamva zimenezi. Sankavomera, sankakana.

Ndinapita ndi uthenga wa akulu. Ndinamupeza atakhala pa chitini, pakuti kuimirira nthawi yaitali kunali kutamukanika.

Yotamu, akulu akumana Loweruka m'mawa. Ubwere, uvomere kulakwa, ulonjeze kuti wasiya. Injini iyi uisiye pamene yafikapa. Akubweza tsiku lomwelo, ndipo Lamulungu udya nafe mgonero.

Ndiisiye pamenepa?

Pomwepo.

Yatsala pang'ono, achimwene.

Sindinaonepo munthu wa tchimo amene sananene kuti latsala pang'ono.

Anaseka. Kusekako kunasanduka chifuwa, chifuwacho chinamupinda pakati. Ndinadikira.

Kulakwa ndingavomere, anatero atapeza mpweya. Masiku a Mulungu aja ndinalakwa ndithu, sindikana. Koma iyi ndimaliza.

Ndi ya mpikisano wa Gibo?

Patsireni sipanala iyo. Ayi, inayo. Zaka zonsezi simunadziwebe kuzisiyanitsa?

Ndinamupatsira. Ndinaima pamenepo, mkulu wa mpingo, tayi ili pakhosi, uthenga nditapereka, ndikugwirizira chitsulo kuti munthu amange bwino chinthu chimene ndinatumidwa kudzaletsa.

8.

Zimene manja ake anachita m'nyengo imeneyo, monga mmene Gibo ankazitchulira kwa aliyense womvetsera:

anapala njira zonse za mpweya mpaka chala chinkaterera
anasenga mutu wa injini kuti uzipanikiza mpweya kwambiri
anachotsa kabuleta imodzi n'kuikapo ziwiri
anawotcherera mapaipi a utsi, ofanana utali, opiringizika ngati matumbo
analinganiza mapisitoni pa sikelo ya ku golosale

Zonsezi Gibo ankaziyamikira. Chinamukwiyitsa n'chomaliza. M'kabuleta muli timabowo timene petulo amadutsamo pokasakanizika ndi mpweya. Amisiri amati majeti. Yotamu anachotsa aakulu, anaikamo aang'ono.

Madala, apa mwasokoneza, anatero Gibo. Mwaipatsa mapapo a ng'ombe, kenaka mukuidyetsa ngati nkhuku. Majeti awa ndi a njinga yamoto! Ndikaponda ikulira ngati muli timiyala m'chitini. Anyamata a ku Lilongwe akandiseka mpaka Khirisimasi.

Iwe Gibo, unayamba liti kundiphunzitsa ntchito?

Sindikukuphunzitsani, madala, ndikungodandaula.

Dandaula uli apo. Ili bwino. Usaikhudze.

Amisiri anzake anayamba kunong'onezana kuti a Yotamu atha, matenda akwera kumutu. Inenso ndinaganiza chomwecho, ndipo ndinaona ngati chiweruzo chaonekera: munthu wataya mpingo chifukwa cha luso, ndipo tsopano lusolo lamuthawa.

9.

Loweruka.

Akulu anakhala m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinasankha mpando wa pazenera. Tinakambirana za denga lodontha. Tinakambirana za udzu wa pabwalo, ndi za mabenchi amene chiswe chalowa. Nkhani zitatha, abusa anayambitsanso ya denga ija. Ndinadziwa kuti akuchitira ine.

Msewu unali mbee. Kunadutsa njinga, kunadutsa mbuzi.

Kenaka mphepo inatembenuka, inachokera cha kumsika, ndipo inabweretsa phokoso limene ndinalidziwa. Inatsokomola. Inalira. Inatsokomolanso.

A Ngozo, anatero abusa motsitsa mawu, kodi tidikirebe?

Ayi, abusa, ndinatero. Mpingo uli ndi dongosolo lake. Titseke ndi pemphero.

10.

Ndatopa nawe, Yotamu. Ndinatopa nawe uli mwana, pamene unkamasula wotchi ya abambo kuti uone chimene chikugunda mkati. Ndinatopa nawe pamene unasiya sukulu ya mishoni, kumene ine ndinakupezera malo ndi manyazi anga. Khomo linali lotseguka, anthu achikulire anakhala m'chipinda chotentha kukudikira, ndipo iwe unasankha chitsulo. Chitsulo chimene sichikuyenda n'komwe. Ndikanamvetsa chikanakhala kuti chikuyenda.

Sindinabwerenso ku galaja. Ndinkati ukafuna, njira ya kwathu ukuidziwa.

11.

Anatseka boneti masana, alamu, anatero Nagama. Anasamba m'manja ndi palafini, kenaka ndi sopo, mpaka m'zikhadabo, zimene sankachita dzuwa lili pamutu. Anapachika masipanala onse pa misomali yake. Anakhala pakhonde. Anandiuza mawu ochepa. Kenaka anapempha madzi akumwa, ndipo ndinalowa m'nyumba kukatunga.

Pobwera.

Basi.

12.

Panyumba panali bata limene sindinalionepo pa maliro. Anthu anabwera ambiri, anakhala, anayang'ana pansi. Mayi wina wokalamba anayamba nyimbo mosazindikira. Mnzake anamugwira bondo, ndipo inathera pakhosi.

Ndinali nditapeza kale lole yatsopano ya dizilo. Nagama anaikana.

Mawu anandiuza pakhonde paja ndi awa, alamu. Sanatchule chinthu chija, ayi. Anangoti, ulendo wa kwathu ukadzapezeka, pikapu iyi. Ayendetse Gibo. Asaikhudze.

Mlamu, chinthu chimenecho chimazima pamsika pomwepa. Kumapiri mvula yakhala ikugwa osaleka. Ndinasenza amayi pa chikweza chija. Sindisenzanso munthu wachiwiri.

Nyimbo mwawamana, alamu, ndipo sindinakutsutseni. Galimoto musawamane.

Lole ija ndinaibweza.

13.

Tinanyamuka m'mawa. Bokosi linali kumbuyo pansi pa lona, Nagama ndi amayi ena atakhala m'mbali mwake, atavala zitenje wamba. Ine ndinakhala kutsogolo ndi Gibo. Anthu a m'mbali mwa msewu amazindikira maliro ndi nyimbo, n'kuvula zipewa, n'kutsika pa njinga. Ife tinkadutsa ngati tanyamula matumba a chimanga.

Injini inkatsokomola. Gibo akaponda, timiyala tija tinkalira m'chitini. Kamuvi koonetsa kutentha kanayamba kukwera.

Tisanafike pa Chingeni, Gibo anapatukira pambali, anapisa m'thumba la malaya, anandionetsa tizitsulo tachikasu pachikhatho.

Akuluakulu, majeti aakulu ndi awa, ndinawatenga. Ndisinthe pompano, sizichedwa. Madala aja ndinkawakonda, koma kumapetoku mutu unali utatopa. Tikapitiriza chonchi, tiwasenza pamapewa. Amayi kumbuyoku tiwauza kuti tikuthira madzi.

Ndinayang'ana tizitsuloto. Mapewa anga anakumbukira kulemera kwa bokosi la amayi. Ndinafuna kuvomera, ndipo sindibisa kuti ndinafuna. Koma moyo wanga wonse ndakhala ndikuuza anthu kuti mawu oikidwa sasinthidwa chifukwa chakuti njira yavuta, ndiponso kuti bodza laling'ono ndi bodza. Sindikanayamba chiphunzitso china pa Chingeni.

Bweza m'thumba, ndinatero. Ili bwino.

Simukukhulupirira zimenezo inu.

Sindikukhulupirira. Usaikhudze.

14.

Titadutsa pa boma la Ntcheu, mphepo yolowera pazenera inazizira. Msewu unkakwera. Gibo anasiya kung'ung'udza. Anapendeketsa mutu monga ankachitira Yotamu, ndipo ndinazindikira kuti papita kanthawi chitsokomolere. Timiyala tija tinachepa, tinatha. Kamuvi kanatsika.

Tinasiya tala. Matope ofiira, minda ya mbatatesi, nkhungu pamwamba pa mapiri. Kenaka chikweza cha Chibonga chinaima patsogolo pathu monga ndinachisiyira, madzi akutsetsereka m'mikwasa ya matayala. Ndinagwira chitseko ndi manja awiri.

Gibo anaika giya yachiwiri. Anaponda.

Sinatsokomole.

Inatsegula kukhosi n'kutulutsa liwu limodzi loyera, losadukiza, ndipo liwulo linakwera pamodzi ndi phirilo, matope akuuluka m'mbali, pikapu ikugwedeza kumbuyo koma osabwerera, ndipo pamene lole ija inazimira tinadutsapo, ndipo pamene tinaika miyala kumatayala tinadutsapo, ndipo mwala woterera uja ndinangouona pazenera ukubwera, uli pambali, uli m'mbuyo, liwu lija likukwerabe ngati lili ndi mpweya wina wosunga

Gibo ankamenya chiwongolero ndi chikhatho, misozi ili mbwee.

Madala anga! Madala inu! Akuluakulu, sinali yanga iyi! Majeti aang'ono aja, mutu anasenga uja, zonse anakonzera mpweya wa kuno. Ku Balaka mpweya unkaichulukira, n'chifukwa chake inkatsokomola. Ife tinkaiyesa kuchigwa, iwo anaimangira phiri ili!

M'maganizo ndinaona sikelo ya ku golosale. Ndinaona kapaipi kopindidwa m'manja mwa namwino, ndi Loweruka lija, ndi munthu wokhala pa chitini amene ndinamufunsa funso, ndipo iye, posatha kutchula ulendo wake ali moyo, anapempha sipanala. Unali usanaiwale mwala uja, Yotamu. Sunafune kuti wina aterereke nawe.

Pamudzi anatilozera njira ya kumanda. Gibo anaimika pikapu pafupi ndi mitengo, anatambasula dzanja kuti azimitse.

Isiye, ndinatero.

Mkulu wina wa mpingo wa kumeneko anandiyandikira, chipewa chili m'manja. A Ngozo, uthenga tinalandira. Akuti palibe nyimbo.

Palibe, ndinatero.

Tinatsitsa bokosi, ndipo kuchokera pagalimoto kufika padzenje panali pouma ndi pafupi. Pemphero ndinapereka ndine, lalifupi monga kuyenera. Amayi sanavale zoyera. Palibe amene analalikira, palibe amene anayimba. Makasu anayamba. Ndipo nthawi yonseyo, kumbuyo kwathu pansi pa mitengo, injini inali kulira motsitsa, mofanana, osapunthwa, ikupuma yokha mpweya wa kwathu, kufikira dothi lomaliza.

Mpingo uli ndi dongosolo lake, ndipo ndinalisunga lonse. Pa za injini silinena kanthu.